TV yatsopano ikudodoma: musafulumire kukaibweza kusitolo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chinamwali. Ndaifupikitsa, koma mawu ake ndi awa: "Ndagula TV yatsopano ya mainchesi 43. Yakale ija, ya chimsana, tinkaonera bwinobwino ndi dikoda. Ogulitsa anandiuza kuti iyi ili ndi dikoda m'kati, ndiye ndinangolumikiza waya wa eriyo. Koma zithunzi zimangoima, nkhope za anthu zimasweka n'kukhala timabokosi, mawu amadukaduka, kenako imalemba No Signal. Madzulo ndiye zimanyanya, ndipo matchanelo ena sakupezeka n'komwe. Kodi andigulitsa yabodza?"

Bambo, pepani, ndikudziwa mmene zimawawira. Munthu wasunga ndalama miyezi ingapo, ana aitana anzawo kudzaona chatsopano, kenako wowerenga nkhani n'kuuma pakamwa pali yasaa. Koma lisiti ija isungeni kaye m'thumba. Pa TV zomwe ndathandizako anthu kuno ku Zomba, zambiri zinalibe vuto. Vuto limakhala panjira yochokera padenga kufika kuseri kwa TV.

Tiyambe ndi zimene sizifuna makwerero. Dziko lathu linasankha njira youlutsira TV yotchedwa DVB-T2 pamene mayiko ankachoka ku analogi kupita ku dijito, ntchito imene tsiku lake lomaliza kuno ku Africa linali 17 June 2015. Ndiye yang'anani pa katoni kapena pa kapepala komatidwa kumbuyo kwa TV. Ngati palembedwa DVB-T2, ogulitsa aja sananame. Ngati palembedwa DVB-T yokha, popanda 2 kumapeto, kapena ATSC ya ku America, ISDB-T ya ku Japan, kapena DTMB ya ku China, TV imeneyo singagwire matchanelo athu payokha ngakhale mutaimika eriyo pamwamba pa Ku Chawe. Zoterezi zimapezeka kawirikawiri pa TV za kaunjika. Koma poti inu mukuti zithunzi zina zikubwera ndithu, yanuyo ikumva chiyankhulo chake. Apa ndinu opulumuka.

Lowani mu menyu, pamene pali Channel Search kapena Auto Tuning. Sankhani Antenna kapena Air, osati Cable, ndipo sankhani DTV osati ATV. Pofunsa dziko, nthawi zambiri Malawi sapezekapo. Sankhani Others ngati ilipo, apo ayi South Africa, n'kusakanso. Matchanelo ena akabwera ndi kachizindikiro ka loko kapena mawu oti Scrambled, amenewo si vuto la siginolo. Ndi otsekedwa, amafuna dikoda ya eni ake. A GOtv mwachitsanzo sangatseguke pa TV yokha, ikhale yodula bwanji. Mwina ndi amenewa mukuti asowa.

Tsopano pa timabokosi paja, pamene pagona nkhani.

Analogi inali ndi ulemu. Siginolo ikachepa, chithunzi chinkangochita mchengamchenga koma mpira tinkaonera mpaka kutha, kumangoganizira kuti wovala zoyerayo ndi uje. Dijito ilibe zimenezo. Imaonetsa bwino kwambiri mpaka pamlingo wina wake, ikangotsika pang'ono kupitirira pamenepo imagwa ngati munthu woterereka pa Chingwe's Hole. Timabokosi tija tikutanthauza kuti muli m'mphepete mwenimweni. Dikoda yanu yakale mwina inkakwanitsa kugwira ndi siginolo yofooka yomweyo, pomwe TV yatsopanoyi ikufuna yochulukirapo pang'ono. Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Ma eriyo ena ali ndi kabusita m'kati, kachipangizo kokweza mphamvu ya siginolo, kamene kamadya magetsi a 5 volts kudzera m'waya womwewo kuchokera ku dikoda. Mukachotsa dikoda, kabusitako kamafa njala, ndipo kakafa kamatchinga siginolo m'malo moikweza. Fufuzani mu menyu ngati muli Antenna Power n'kuyatsa. Ngati mulibe, bwezeretsani dikoda.

Ndipotu kuyesa kwabwino ndi kumeneko. Lumikizani waya wa eriyo ku dikoda yakale ija, n'kuchoka pa dikoda kupita ku TV yatsopano, makamaka ndi HDMI ngati dikodayo ili ndi malo ake. Zikayera, mwadziwa kuti sikirini ndi yabwino. Zikapitiriza kudodoma, ndiye kuti waya unavulala tsiku limene munkasuntha zinthu pabalaza.

Ndikunena za waya chifukwa zinandichitikira ine ndemwe ndikukhala ku Matawale. Ndinatukwana TV sabata ziwiri, ndinagula busita, osasintha kanthu. Tsiku lina ndinamasula kamutu kakumapeto kwa waya, kaja kolowa kuseri kwa TV. M'kati mwa waya wa eriyo muli kachitsulo kamodzi ka kopa pakati, kokutidwa ndi pulasitiki woyera, kenako timawaya toonda ngati tsitsi tozungulira kunja. Kamodzi mwa timatsitsi timeneti, kamodzi kokha, kanali katapindika n'kukhudza kachitsulo kapakati kaja. Ndinakachotsa ndi chikhadabo. Nditakwera padenga ndinapezanso kuti pamene waya amalumikizana ndi eriyo panali pobiriwira ngati ndere, ndipo nditadula waya madzi anadontha m'kati mwake. Mvula ya ku Zomba mukuidziwa, ndipo ikatha mvula kumabwera chifunga cha m'miyezi ya June ndi July chotsika m'phirimu. Madzi akalowa m'waya amayenda pang'onopang'ono mpaka pansi. Waya wotero osamunyengerera, ngotaya.

Pogula wina, funsani RG6, wonenepa uja, osati kowonda kamene kamabwera ndi ma eriyo otchipa. Akhale mmodzi kuchokera padenga mpaka pa TV. Zolumikiza mawaya awiri pongopotokola ndi kukulunga pepala la shuga, zija timachita ndi waya wa wailesi, pano sizigwira. Kumtunda matani bwino ndi tepi, ndipo waya asanalowe m'nyumba mupindeni atsike pang'ono kenako akwere, kuti madzi azidonthera panja. Ngati munagawa waya kuti wina apite kuchipinda, dziwani kuti kogawira kaja kamapatsa TV iliyonse siginolo yosafika theka. Kachotseni kaye poyesa.

Eriyo yeniyeniyo nayo. Matchanelowa amayenda pa mafunde otchedwa UHF, ndipo mafunde amenewa sakonda zotchinga. Sakhota bwino kuseri kwa phiri, amafooka m'masamba a mitengo makamaka akanyowa, ndipo malata amawabweza. N'chifukwa chake ka eriyo kam'nyumba koika pamwamba pa kabati nthawi zambiri kamakhumudwitsa m'nyumba zathu zamalata. Zomba ndi tauni yomangidwa m'tsinde mwa phiri lotalika kupitirira mamita 2,000, yodzaza ndi zitunda, zigwa za Likangala ndi Mulunguzi, mibawa ndi bulugamu. Nyumba ziwiri zoyang'anizana zitha kusiyana, wina kumaonera bwino wina ayi. Choncho musafunse kwa wa ku Sadzi kapena ku Mpondabwino kuti eriyo yake yaloza kuti. Yang'anani madenga a anansi anu a ku Chinamwali konko amene akuonera bwino. Onani kumene zaloza, komanso ngati tizitsulo take tagona chopingasa kapena taimirira, inu n'kutengera zomwezo.

Ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Mmodzi akhale pa TV atatsegula Signal Information kapena Manual Tuning, pamene pamaoneka mizere iwiri, Strength ndi Quality. Winayo azitembenuza mlongoti pang'onopang'ono, kuima masekondi angapo paliponse chifukwa manambala amachedwa kusintha. Wa m'nyumbayo aziwerenga mokweza pawindo. Maso akhale pa Quality. Strength itha kudzaza ndi phokoso chabe, ndipo apa ndi pamene busita imapusitsa anthu: imakweza zonse, siginolo ndi zinyalala zomwe. Busita imathandiza ngati siginolo ili yoyera padenga koma waya ndi wautali. Kwa amene ali pafupi ndi nsanja yotumizira, imatha kuchulutsa mpaka TV kusokonezeka. Yesaninso kukweza kapena kutsitsa eriyo ndi mkono umodzi, kapena kuisunthira mbali ina ya nyumba. Nthawi zina kusuntha kochepa komweko kumaposa kuwonjezera nsungwi ina pamwamba. Ndipo nsungwiyo imangidwe zolimba, chifukwa ikamagwedera ndi mphepo chithunzi chimagwedera nayo.

Chonde, yang'anani mawaya a magetsi musanadzutse mlongoti, makamaka wachitsulo. Osakwera malata onyowa, ndipo kukamagunda mabingu zulani waya wa eriyo kuseri kwa TV.

Zoti madzulo zimanyanya zandipatsa maganizo ena. Madzulo ndi pamene timayatsa mababu a LED, kutchaja mafoni onse a m'nyumba, ena kuyatsa inveta ya sola. Zina mwa zipangizozi, makamaka matchaja otchipa, zimatulutsa phokoso lamagetsi limene limalowa m'waya wosatetezedwa bwino. Chithunzi chikayamba kusweka, zimitsani chimodzichimodzi muone. Mukapeza wolakwa, mutalikitseni ndi waya wa eriyo, ndipo wayayo asayende mothithikana ndi wa magetsi.

Pali chinthu china chimene mungadzachione zonse zikakhala bwino, ndiye ndinenetu pano. Matchanelo ambiri amatumizabe chithunzi cha mizere 576. Pa TV ya chimsana chinkaoneka chosalala. Chomwecho chikatambasulidwa pa sikirini ya mizere 1080 kapena kuposa, chimaoneka chofewa, ngati chapakidwa mafuta. Kumeneko si kudodoma ndipo eriyo singakukonze. Khalani chapatali pang'ono, tsitsani Sharpness, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito dikoda siyani mawaya atatu aja, wachikasu, woyera ndi wofiira, mugwiritse HDMI.

Nanga kusitolo mubwerere liti? Ikani kanema pa fulashi muonere kudzera pa USB. Ngati nayonso ikuima, kapena pali mizere pa sikirini, kapena TV ikuzima yokha, vuto ndi la TV. Kapenanso inyamuleni mupite nayo kwa mnansi amene akuonera bwino popanda dikoda, mulumikize pa waya wake. Ikakana pamenepo pomwe yake ikugwira, jambulani pafoni zonse ziwiri, tengani lisiti ndi katoni, mupite nayo masiku a waranti asanathe. Ikagwira, pobwerera dzerani mumsika mugule RG6 ndi timitu tiwiri tatsopano, kenako mundilembere manambala a Quality amene mwapeza pa MBC ndi pa Zodiak, musanasinthe waya ndi mutasintha.