M'bale wako ndiye amakugwetsa pampando

Mnzathu wina wanditumizira imelo. Akuti mu gemu yolamulira ufumu ya Crusader Kings III akangolanda madera, ma vassal (mafumu ang'onoang'ono a pansi pake) amamuukira, ndiye atani? Achimwene, mwandikhudza pachilonda.

Ine ndimakonda kuyambira ku Ireland mu 1066, ndi Murchad wa ku Munster uja amaphunzirirapo atsopano. Dera la Desmond ndinalanda mosavuta poti ndi gawo la Munster kale. Kwina konseko ndinkatuma bishopu kukapeka claim (umboni woti malowo ndi ako), ndalama n'kumapita, asilikali n'kumatha, mpaka chisoti cha Ireland chinakhala pamutu pa mdzukulu wa Murchad. Tsiku limenelo ndinadya nsima yozizira osadandaula.

Kenako mfumuyo inamwalira, kusiya ana aamuna atatu. Lamulo la partition, loti mwana wamwamuna aliyense alandire gawo lake, linagawa dziko, wamkulu n'kutsala ndi chisoti ndi timadera tiwiri. Ang'ono ake aja, aliyense ali ndi malo ake, asilikali ake, komanso claim pa mpando wa mkulu wawo. Wachiwiriyo ndinamutumizira golide, ndinamupezera mkazi wabwino. Chaka chisanathe anali atasonkhanitsa gulu loti amuike iyeyo pampando, amalume ake omwe ali momwemo. Mwana amene ndinamulera ndekha, n'kumusankhira mphunzitsi!

Ndipo a Paradox, omwe anapanga gemuyi, amadziwa chimene akuchita. Lamulo loti woyamba kubadwa atenge zonse limapezeka cha m'ma 1200, ndiye mibadwo ingapo mumangotola zidutswa. Ena amati bola Crusader Kings II ya 2012. Ayi, kumenekonso abale ankaluma chimodzimodzi, kungoti claim ankapeka ndi nduna yotchedwa chancellor osati bishopu. Ine pano m'bale sindimukhulupirira ngakhale akhale mwana wa zaka zisanu.

Tsono funso lanu lija

Dera latsopano mupatseni munthu wamba wopanda claim, wachipembedzo ndi chikhalidwe chanu. Ma vassal amphamvu aikeni mu khonsolo ngakhale ali mbuli, chifukwa mukawasiya kunja amakwiya koopsa. Amene akuvuta kwambiri kwatitsani mwana wanu kubanja kwake mupange mgwirizano, sangalowenso mu faction, gulu loukira mfumu. Mukakhala mfumu musasunge ma duchy (zigawo zazikulu ngati Munster) oposa awiri. Osalanda dera la munthu popanda mlandu, enawo amakuonani ngati wankhanza. Ndipo muziyang'ana mphamvu za faction: zikayandikira 80 peresenti ya asilikali anu, siyani kaye nkhondo zakunja, golide musungire ma mercenary, asilikali aganyu.