Za kutembenuza gitala ya mwana wamanzere, ndimvereni kaye achimwene

Achimwene, gitala ya magetsi imene mukufuna kutembenuzira mwana wanu wamanzereyo musapite nayo kwa munthu wamba, chonde. Ine ndine wamanzere ndipo zinandionekera konkuno ku Joni. Awa akulemba m'makomenti kuti "ingochotsani nsambo muzibweze chotembenuza basi" sanayimbepo ndi dzanja lamanzere, ndikulumbira. Kusintha nsambo n'kosavuta inde, koma gitalayo anaiyeza kuti nsambo yonenepa izikhala mbali inayo, kuyambira kumutu mpaka ku bridge, chitsulo chimene chimagwira nsambo pa thupi la gitala.

Yanga ndinagula kwa mnyamata wina amene ankabwerera kumudzi, ya mtundu wa Stratocaster koma yotchipa. Ndinapita nayo kwa bambo wina wokonza masipika ndi ma amp m'tauni, chakufupi ndi renki ya Bree. Munthu wakwathu, tinapatsana moni m'Chichewa, kufunsana za kumudzi ndi za mvula. Akuti "ndi zazing'ono izi mphwanga, ndakonzapo zambirimbiri, ubwere madzulo." Ndalama anatengeratu zonse.

Tamvani zimene anachita. Kumutu kwa gitala kuli kachidutswa koyera kotchedwa nut, kali ndi timipata 6, kampata kalikonse kodulidwa molingana ndi kunenepa kwa nsambo yake. Pa nsambo zimene ambiri timagula zija, za 10-46, yowonda kwambiri ndi 0.010 ya inchi pamene yonenepa ndi 0.046. Ndiye mukatembenuza, yonenepa siilowa m'kampata ka yowonda, imangokhala pamwamba, ndipo yowonda imasambira m'mpata waukulu. Nut imafunika yatsopano. Bamboyo anangotenga tupa ya zitsulo n'kukwecha pang'ono mpata wa mbali imodzi, ina yonse osaigwira. Batani la lamba analisamutsira ku nyanga inayo ya thupi la gitala ndi screw yaifupi, osayamba waboola kabowo kotsogolera, anangoikakamiza m'thabwa. Ma saddle a ku bridge, tizitsulo timene nsambo zimatsamirapo, sanawakhudze n'komwe. M'shopumo anakhwatcha makodi awiri atatu kumtunda kwa khosi, amp ili pansipansi, phokoso la ma taxi lili panja, n'kundipatsa.

Lamlungu lake kunali Paper Sunday kutchalitchi kwathu ku Rosettenville, holo yodzaza, kwaya ya alendo yochokera ku Pretoria ili pa mabenchi akutsogolo. Nyimbo yoyamba ndinali woti ndiyambitse ine ndi lead. Wa keyboard wapereka G, ine ndatsetsereka chala kupita cha ku fret 12 (ma fret ndi timizere tachitsulo ta pa khosi la gitala), mawu amene anatuluka, abale, anali owawasa osagwirizana ndi chilichonse. Chonsecho tuner inali itandiuza kuti nsambo zonse zili bwino. Vuto n'lakuti saddle ya nsambo yonenepa imayenera kukhala chakumbuyo, ya yowonda chakutsogolo, ndiye zanga zinali zosemphana, ukamakwera khosi m'pamene mawu amasokera kwambiri. Wa keyboard wandiyang'ana, wa bass wandiyang'ana. Nsambo yowonda nayo ikulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Ndikuti ndilimbe mtima ndipitirize, mawu zii, azimiratu, kuteroko mkono wanga wapotokola ka volume, poti timabatani tonse tija tsopano tili pamwamba, pamene pamagona mkono. Ndikukafufuza ndi zala, chigongono chagunda chingwe pa jack, pamene chimalowera m'gitala, amp ija phuu! Amayi oyimba ayamba okha opanda ine. Thukuta lili kamukamu m'manja, ndakhwatcha mwamphamvu kuti ndiwapeze, nsambo yonenepa ija thaa, yadumpha pa nut n'kugwera pambali pa khosi. Ndatukula gitala kuti ndione chachitika n'chiyani, batani la lamba lija zuu, lazuka ndi kachidutswa ka thabwa komwe. Gitala inagwa chamutu pa matailosi. Kulira kwa sipika kuja sindidzakuiwala, mwana wakhanda kumbuyo anayamba kulira, amayi ena atagwira makutu, abusa ataimirira ndi envulopu m'manja. Ndinagwada pansi kutola ka screw kaja anthu onse akundiona, chochunira chimodzi chitapindika, utoto wa pa nyanga utang'ambika mzere wautali.

Koma chimene chinandibaya mtima si gitalayo ayi. Potuluka gogo wina, mwachifundo ndithu, anandigwira paphewa n'kunena kuti "ndiye vuto la manzere limenelo mwanangu, ukanaphunzira ndi dzanja labwino." Ine amene ndinakula ndikumenyedwa pa dzanja ndikatema nsima ndi lamanzere, ndikumvanso zomwezo ndili bambo wa ana, chifukwa cha ulesi wa munthu wina. Ndinalira m'chimbudzi cha holo ija, sindibisa.

Lolemba ndinabwerera ku shopu. Akuti "mwaigwetsa nokha, ine ndinakupatsani ikulira." Osapepesa, osabweza ngakhale randi imodzi, maso ali pa foni ya kasitomala wina imene ankamatula. Ndikumuonetsa nut, akuti magitala onse amatero. Bodza lamkunkhuniza! Munthu wokonza sipika ndi wokonza sipika, n'chifukwa chiyani osangonena kuti izi sindizidziwa? Ndipo n'zimene zimandinyansa ndi ena mwa ife kuno, ukamva Chichewa umamasuka n'kuyesa wapeza mbale, kuteroko iye akuona ndalama basi. Mpaka lero ndimamuona akulengeza m'magulu athu omwewa kuti amakonza zida zonse zoyimbira. Dzina sinditchula, iye akudziwa.

Anthu amakonda kunena za Jimi Hendrix, katswiri wa gitala wamanzere uja, kuti ankayimba Stratocaster ya akumanja chotembenuza, ngati yoyera ija ya ku Woodstock mu 1969. N'zoona, nsambo zake ankazibweza kuti yonenepa ikhale pamwamba. Albert King, katswiri winanso wamanzere, sankasintha n'komwe, Gibson Flying V yake ankangoitembenuza, nsambo yowonda ili pamwamba, n'kupanga kayimbidwe kakekake. Koma mwana amene akuyamba kumene, wophunzira makodi pa YouTube, musamuike pa njira ya Albert King, zala zake sizidzagwirizana ndi zimene akuonazo. Paul McCartney wa gulu la Beatles, nayenso wamanzere, bass yake ya Höfner ija thupi lake n'lofanana mbali zonse, n'chifukwa chake siioneka yachilendo kwa wamanzere. Stratocaster si choncho, mukaitembenuza nyanga yaitali imapita pansi n'kumatchinga dzanja mukafuna ma fret omalizira.

Ndiye ine ndikuti, ngati thumba likulola, gulitsani imeneyo mugule ya manzere yeniyeni. Squier amapanga, Ibanez amapanga, Yamaha ali ndi Pacifica 112JL. Zimasowa m'mashopu koma muzisuzumira pa Facebook Marketplace, pa Gumtree ndi ku Cash Crusaders, zimatulukira. Ndipo ngati yanuyo ndi ya mtundu wa Les Paul, yokumbidwa mbali imodzi yokha ija, musayerekeze n'komwe. Bridge yake inakhomedwa mopendekera pa mizati iwiri, mukatembenuza nsambo kupendekerako kumalozera kolakwika, ndipo ma saddle ake nthawi zambiri safika pamene pakufunika.

Koma ngati ndi ya mtundu wa Strat (Stratocaster ija), tembenuzani achimwene, musaope, si ntchito yoopsa. Ine mpaka pano ndikuyimba yomwe ija inagwa, ndipo sindingaisinthanitse. Mkulu wina wokonza magitala okhaokha anandiikira nut yatsopano ya fupa, n'kukhala pansi ndi tuner kusuntha saddle iliyonse mpaka mawu a nsambo yosagwira ndi a pa fret 12 atafanana. Pa Strat saddle iliyonse ili ndi screw yakeyake, n'chifukwa chake zimatheka. Bowo la batani analitseka ndi timitengo ndi guluu wa matabwa, n'kuboola lina ndi drill yowonda, n'kuika screw yaitali. Zina mutha kupanga nokha kunyumba. Nut yodulidwa kale ya manzere imagulitsidwa, ingoyezani m'lifupi mwa khosi, zambiri zimakhala mamilimita 42 kapena 43, yakaleyo muigogode pang'onopang'ono kuchokera m'mbali, yatsopanoyo kadontho ka guluu kamodzi basi, osathira wambiri. Ka volume ine ndinazula chipewa chake n'kumata tepi kuti mkono usakapotokole. Timadontho ta m'mbali mwa khosi tidzakhala pansi, mwana sadzationa, mulembereni tina pamwamba ndi Tipp-Ex pa fret 3, 5, 7, 9 ndi 12. Chingwe gulani cha mutu wopindika, muchidutsitse kuseri kwa lamba.

Chimodzi chokha, mwanayo musamukakamize kuyimba ndi lamanja kuti zinthu zitchipe, ndipo aphunzitsi akanena zimenezo musakeni wina. Mukapita kwa mmisiri mufunseni kaye kuti nut aichita chiyani, akangoti "tikwecha pang'ono" nyamulani gitala yanu muzipita. Ndalama mupereke theka, zotsalazo akaiyesa pa fret 12 nsambo zonse 6 inu muli pomwepo, amp atakweza. Ponyani chithunzi cha bridge ndi cha kumutu muno, ndikuuzani ngati yanuyo ingatheke.