Shopu ikupatsani tebulo, koma anthu mubwere nawo nokha

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa pulayimale ku Zomba. Asindikiza buku lawo loyamba la nkhani zifupizifupi, ndipo shopu ina ya mabuku ku Blantyre yawalola kukakhala kumeneko tsiku limodzi kuti azikasainira ogula. Funso lawo linali lakuti: "Ndikonzekere bwanji kuti ndisakachite manyazi? Ndikuopa kukakhala ndekhandekha ngati wogulitsa tomato tsiku la mvula."

Achemwali, sindikunyengererani, zimenezo zimachitikadi. Ine zinandionekera. Tsiku langa loyamba ndinatchena jekete, ndinakweza makatoni awiri a mabuku m'minibasi, kondakitala nkundilipiritsa mpando wa katundu. Ndinakhala kuyambira 10 koloko mpaka 1 koloko, ndipo ndinagulitsa mabuku 4. Limodzi anagula ndi alamu anga, ndikhulupirira chinali chisoni chabe. Anthu ankalowa, kundiyang'ana pang'ono, nkulunjika kumashelefu. Mayi wina anafika patebulo langa, mtima wanga nkudumpha, koma iwo ankangofuna kudziwa ngati tili ndi buku la masamu la Fomu 2. Eni shopu sanalakwe kanthu. Ine ndi amene ndinkaganiza kuti chithunzi chimodzi pa Facebook ndi pepala lomata pachitseko zikwanira.

Musasokoneze zinthu ziwiri. Mwambo wokhazikitsa buku umene tinazolowera, wa muholo kapena kuhotela, uli ndi mlendo wolemekezeka amene amagula buku loyamba pamtengo wachikondi, ena nkumatsatira kuti nawonso dzina lawo limveke. Mushopu mulibe zimenezo. Buku limapita pamtengo wake wolembedwa, ndipo ambiri olowa m'mashopu a mabuku kwathu kuno amadzera mabuku a silabasi, Baibulo, mabuku a nyimbo, makope ndi zolembera. Sanadzere inu.

Ndiye ntchito yaikulu ndi yoitana anthu, mmodzimmodzi. Uthenga wa pagulu la WhatsApp aliyense amangoyankha kuti "zabwino zonse" nkuiwala. Tengani kope, lembani mayina: amene munali nawo kukoleji ya aphunzitsi, akwaya, amayi anzanu akumpingo, ana amene munawaphunzitsa kale omwe pano ali pantchito m'tauni. Yambani ndi okhala ku Blantyre komweko, poti wa ku Zomba ayenera kuganiza kawiri za thiransipoti ya makilomita oposa 60, kupita ndi kubwerera, asanagule nkomwe buku. Aimbireni foni kutatsala masabata atatu, muwakumbutsenso kutatsala masiku awiri. Kwa ine, mwa onena kuti "tibwera ndithu" amafika ndi theka, nthawi zina osakwana. Ndipo musawauze onse ola limodzi. Agaweni, ena 10 koloko, ena 11 koloko, kuti tebulo lisakhale lopanda munthu. Wodutsa akaona anthu atatu ataima penapake amafuna kuona chimene chilipo.

Tsiku lake musankhe mwanzeru. Loweruka loyamba anthu atangolandira malipiro ndi labwino kuposa lapakati pa mwezi, zimenezo inu aphunzitsi simufuna kuuzidwa. Likhale m'mawa, chifukwa mashopu ambiri Loweruka amatseka masana, komanso ngati Bullets ndi Wanderers akukumana pa Kamuzu Stadium ndiye theka la Blantyre mtima uli kwina. Pewani sabata yotsegulira sukulu mu September: shopu imadzaza, inde, koma ndi makolo amene fizi yawafinya kale, ndipo ogwira ntchito sakhala ndi mpata woti akuthandizeni. Ngati mungathe kudikira, masiku oyandikira 23 April, tsiku lokumbukira mabuku padziko lonse, amakupatsani chifukwa chabwino chopemphera kuti akulengezeniko pawailesi.

Tsopano za ndalama, zimene ambiri timachita nazo manyazi kufunsa. Musanapite nkomwe, gwirizanani ndi a manijala ndipo zilembedwe papepala. Kodi mabuku akugula kwa inu, kapena mukungowasiyira kuti adzakulipireni akagulitsa? Iwo atengapo zingati pa buku lililonse? Tiyerekeze buku lanu ndi K10,000 ndipo shopu ikutenga K30 pa K100 iliyonse: inu mutsala ndi K7,000, muchotsepo zimene munalipira osindikiza, muchotsenso thiransipoti. Werengerani lero, musadzadabwe madzulo a tsikulo. Funsaninso kuti ndalama azilandira ndani, inu kapena pakauntala, komanso ngati wogula angalipire pa Airtel Money kapena Mpamba. Munthu akanena kuti "ndikatape kaye kwa ejenti, ndibwera," kawirikawiri ndiye wapita. Ngati buku lanu lilibe ISBN, nambala yapadera yozindikiritsa buku kwa ogulitsa mabuku, imaperekedwa ndi a National Archives, ofesi ya boma yosunga zolembedwa zakale, ndipo inu muli nawo pafupi ku Zomba komweko. Ndi komwenso lamulo limati mukasiye kope la buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno.

Achibale muwauziretu kunyumba kuti tsikulo kulibe buku laulere. Akangoona mwapatsa mmodzi, mzere wa "ifenso ndife apabanja" uyamba, ndipo eni shopu sasangalala kuona katundu akutuluka osadutsa pakauntala.

Patebulopo musakhale pansi mutawerama pafoni. Imani, perekani moni, ndipo buku mulipereke m'manja mwa munthu kuti alitsegule yekha. Konzekerani kunena za bukulo m'mawu ochepa. "Ndi nkhani zosiyanasiyana za moyo" sizigulitsa kanthu. Nenani imodzi yeniyeni, monga ya mtsikana amene wabisa kalata yomuchotsa sukulu m'thumba la ufa, ngati muli nayo yotere, nkusiyira pomwepo. Bwerani ndi mnzanu mmodzi wosachita manyazi, woti aziima chakukhomo, kujambula zithunzi ndi kulemba manambala a foni a amene akuti adzagula mwezi ukatha.

Kusaina kwenikweniko kuli ndi misampha yake. Tengani zolembera zitatu zimene mwaziyesa kale pa buku lanu lomwelo, chifukwa pepala lina losalala silimwa inki, ndipo mukatseka chikuto zonse zimapakana. Sainani patsamba lamkati pamene pali mutu wa buku ndi dzina lanu. Musagwiritse ntchito siginecha yanu yakubanki, pangani ina yamabuku. Chachikulu koposa ndi mayina. Kwathu kuno L ndi R amasinthana momwe afunira: wina ndi Flora, wina Frola, wina Gloria, wina Grolia, ndipo aliyense amati lake ndiye lolondola. Thokozani wina salemba H. Ikani timapepala patebulo, munthu alembe yekha dzina limene akufuna, inu mungokopera. Ine ndinaonongapo buku chifukwa cha chilembo chimodzi, mwini wake analikana mwaulemu, ndipo lilipobe kunyumba. Mufunsenso ngati ndi lake kapena ndi mphatso, poti ambiri amagulira ana awo. Mawu olemba pamwamba pa siginecha mukonzeretu awiri kapena atatu aafupi, mutu umauma anthu akakuimirirani.

Mukamaliza musathamangire minibasi. Werengani mabuku otsala pamodzi ndi wogwira ntchito mushopumo, nonse musaine papepala kuti agulidwa angati, mwasiya angati, ndipo ndalama mudzatenga liti. Afunseni ngati angafune kuti musaine ena 5 oti akhale pashelefu, osangosaina katoni yonse musanafunse. Amene anakunyamulirani tebulo ndi mpando muwathokoze ndi kuwadziwa mayina, chifukwa sabata yamawa munthu akadzafunsa kuti "muli ndi buku lanji latsopano la Chichewa?" oyankha adzakhala iwowo. Mundiuze tsikulo mukagwirizana, ndibwera m'gulu la 11 koloko.