Chidole cha NeoNatalie sichikukweza chifuwa, chafa kodi?

Funso: Amisiri, ndimaphunzitsa anamwino ndi azamba mmene angathandizire khanda lobadwa osalira. Masiku ano tikamapopa chidole chathu chophunzitsira cha NeoNatalie, chooneka ngati khanda, ndi ambu bagi (thumba lofinya lopopera mpweya) chifuwa chimangokhala duu, osakwera, mpaka ophunzira ayamba kudzikayikira. Tigule china?

Yankho: Musagule kaye a Sista, ndalama zavuta izi. Zidole zimenezi zimandipeza pafupipafupi ndipo nthawi zambiri chidole chimakhala chilibe mlandu, wolakwa ndi bagiyo. Ndikhoza kubetcha kuti wina anaimasula potsuka nkubwezera zinthu mosokoneza, kapena kavavu kooneka ngati mlomo wa bakha kaja kanatsalira mu beseni nkutayidwa limodzi ndi madzi a sopo, munthu nkungotseka phee ngati zonse zilimo.

Ndiye chidolecho chiikeni pambali, tiyese bagi payokha. Lumikizani masiki, muikanikize pachikhatho panu kuti pasakhale potulukira mpweya, kenako finyani. Muyenera kumva mpweya ukukankha chikhatho, ka pop-off, kavavu kotulutsa mpweya ukapyola muyeso kaja, kalire kuti fyuu, ndipo mukasiya bagi ifufumenso yokha msangamsanga. Ikangophwa lobodo osamva kukankha kulikonse ndiye kuti mpweya ukuthawira kwina, onani vavu yakumbuyo yolowetsa mpweya ija, imakonda kupindika kapena kuikidwa chozondoka. Ikamachedwa kufufuma, vavu yomweyonso yamatirira. Tsopano chotsani dzanja, finyaninso mukusuzumira mkati mwa masiki, kamlomo ka bakha kazitseguka ndi kutseka nthawi iliyonse mwafinya. Kakangoti kakasi, kauma ndi sopo kapena Jiki wosatsukuluzidwa bwino. Bwerezani kangapo, osati kamodzi basi nkumati yachira, pali mavavu ena amagwira kawiri kachitatu nkukana. Zonsezi sizitha ndi mphindi imodzi yomwe koma anthu amazidumpha, nkundinyamulira chidole chabwinobwino mtunda wonsewo.

Ndipo musandiyesere nokha kuseri, yeserani pamaso pa ophunzira, poti mu pulogalamu yothandiza makanda kupuma ya Helping Babies Breathe, imene inayamba mu 2010, kuyesa bagi ndi gawo la kukonzekera mayi asanachire. Khanda likabadwa osapuma muli ndi masekondi 60 okha kuti likhale litayamba kupopedwa, si nthawi yomafunafuna kavavu imeneyo. Chinanso chimandinyansa nchakuti wophunzira akazolowera bagi yotayitsa mpweya amaphunzira kufinya mwankhanza kuti chifuwa chikwere, dzanja lomwelo akalipititsa ku leba pa mwana weniweni mapapo ake anthetewo angathe kuvulala.

Bagi ikapambana mayesowa, onani mutu wa chidole. Khosi likapindikira pachifuwa kapena mukalibweza kumbuyo mopitirira mpweya sudutsa bwino, ndipo apa chidole chikugwira ntchito yake, chikuuza wophunzira kuti walakwitsa. Za kagwiridwe ka masiki sindingakuphunzitseni inu.

Koma masikiyo ndiione kaye. Ngati ndi zija zotchipa zopanda ndi dzina lomwe, zouma gwa m'mphepete, tayani. Zimasweka timing'alu tosaoneka, ipindeni pafupi ndi windo muona. Munthu amapulumutsa ndalama zochepa pa masiki nkumadzafuna kugula chidole chonse, nzeru zake sindizimvetsa.

Chidolecho pachokha ndimachikayikira pomalizira. Chimafuna madzi ofunda pang'ono okwana malita 2 kuti chilemere ngati khanda, osati otentha a mu ketulo, ndipo chikachepa madzi chimafota, mutu sukhazikika, masiki nkumaterereka. Chiumitseni kunja, chigonekeni pa nsalu youma, chikanikizeni pang'ono muone ngati panyowa, makamaka pachitsekerero. Timapampu tofinya tija toyerekezera kupuma kwa khanda ndi kugunda kwa mchombo onani ngati timapaipi take sitinapindike mu chikwama.

Za kasungidwe nokha mukudziwa, chisamagone mu galimoto padzuwa, madzi asamakhalemo mpaka temu yonse, ndipo wophunzira wolemba pakhungu lake ndi bolopeni mumulipitse chifukwa inki imeneyo sichoka. Mukayesa zonsezi chifuwa nkukhalabe duu, ndiye mwina mwabooka mkati, chibweretseni pamodzi ndi bagi ndi masiki yomwe mumagwiritsa ntchitoyo, osati chidole chokha.