Mkulu wanga anasupuka khungu ndi radiotherapy, kodi nanenso zidzatero?

Mayi ena anandilembera imelo sabata yatha. Akuti mkulu wawo atalandira radiotherapy (chithandizo chowalitsa cheza chochokera m'makina pa malo odwala) ya khansa ya m'mawere, khungu linasupuka mpaka kumatuluka madzi, ndipo patapita zaka bere lija linauma gwa. Tsopano nawonso awapeza ndi khansa yomweyo. Akufunsa ngati zimenezi n'zakumtundu, komanso ngati angayezetse magazi kuti adziwiretu.

Mayi, mantha anuwa ndi omveka, poti munaona ndi maso anu. Ndipo simukulakwitsa kuganizira za kumtundu. Cheza cha makinawo chimadula DNA, ulusi wosunga malangizo a thupi umene uli m'maselo. Maselo a khansa akalephera kulumikiza podukapo amafa, pamene maselo abwino oyandikana nawo amadzikonza n'kupulumuka. Ntchito yokonzayi imayendetsedwa ndi majini (tizigawo ta DNA timene timatengera kwa makolo), ndipo majini athu si ofanana. Zina mwa zifukwa zake n'zimenezi kuti anthu awiri agona pa makina omwewo, mlingo wofanana, wina khungu lingoda pang'ono koma mnzake zilonda.

Umboni wosatsutsika unachokera kwa ana odwala matenda osowa otchedwa ataxia telangiectasia. Jini yawo yotchedwa ATM, imene gulu la Yosef Shiloh ku Tel Aviv linaitulukira mu 1995, imakhala yowonongeka, moti mlingo wamba wa cheza ukhoza kuwavulaza koopsa. Koma matendawa sabisala, mwana amayenda modzandira kuyambira ali wamng'ono.

Kwa enafe nkhani yake ndi ina. Palibe jini imodzi yoti n'kuiloza chala. Pali tizosiyana ting'onoting'ono tambirimbiri mu DNA, kalikonse kongowonjezera ngozi pang'ono chabe. Poyamba akatswiri ankakayikira majini ngati TGFB1, imene imakhudza kuuma kwa minofu, ndipo timakafukufuku ta odwala ochepa tinkaoneka ngati tikuvomereza. Mu 2012 kafukufuku wa RAPPER ku Britain anayesanso tizosiyana 92 pa odwala 1,613 a khansa ya m'mawere ndi ya prostate (kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo), ndipo palibe n'kamodzi komwe kamene kanatsimikizika. Ine kafukufuku ameneyu ndimam'lemekeza kwambiri, chifukwa anateteza odwala kuti asamayezedwe ndi muyezo wabodza n'kuchepetseredwa chithandizo popanda chifukwa.

Ofufuza sanagwe ulesi. Bungwe la Radiogenomics Consortium, lomwe linayamba mu 2009 ku Manchester, limasonkhanitsa zopeza za m'mayiko ambiri. Mu 2014 anapeza kuti malo a jini ya TANC1 akukhudzana ndi mavuto obwera mochedwa mwa abambo a khansa ya prostate. Kafukufuku wa REQUITE watsatira odwala oposa 4,000. Chondidandaulitsa n'chakuti ambiri mwa oyezedwawo makolo awo ndi a ku Ulaya, choncho zopezazo sizingangotengedwa kuti zikugwira kwa aliyense.

Ndiye kuyezetsa kumene mukufunsako, kodalirika koti dokotala asinthire mlingo wanu, sikunayambe kugwiritsidwa ntchito m'zipatala mwachizolowezi. Chonde musakane chithandizo chifukwa cha zimene zinawachitikira akulu anu. Majini amene mumagawana nawo ndi pafupifupi theka lokha, ndipo khungu limatengeranso zina: mlingo, kukula kwa malo owalitsidwa, kukula kwa bere, matenda a shuga, mankhwala a khansa otchedwa chemotherapy, ndi fodya. Ngati mumasuta, kusiya ndiye chinthu chimene chili m'manja mwanu lero.

Mukapita kokaonana ndi dokotala, mukafotokoze zonse za akulu anu: analandira masiku angati, khungu linayamba kusupuka sabata yachingati, linapola liti. Mukanenenso kuti m'banja mwanu mwadwala awiri, chifukwa mwina angafune kukuyezani majini a BRCA1 ndi BRCA2. Amenewa amakhudza ngozi yodwala khansayo, koma kafukufuku sanasonyeze kuti amene ali nawo amavulala kwambiri ndi cheza. Ndipo mukayamba, tsiku limene muone kuti pansi pa bere pakunyowa kapena pakuwotcha, muwauze anamwino tsiku lomwelo, musadikire kuti patuluke chilonda.