Ma watts 40 kapena 3000? Yankho kwa achimwene ofuna zoimbira za pabalaza

Achimwene, mukuti mng'ono wanu wa ku Leeds ku UK wapeza amplifier yakale ya ma watts 40 ndi masipika awiri ogwirapo kale ntchito, ndipo akufuna kukuikirani m'kontena, koma inu mtima uli pa home theatre ya masipika sikisi imene mwaiona m'tauni yolembedwa 3000W pa katoni. Ndiye mukufunsa ngati 40 ingalimbane ndi 3000. Ine ndikuti muuzeni mng'ono wanuyo apakire katunduyo.

Mukabwerera kushopuko, pemphani akutembenuzireni chipangizocho muwerenge kachikwangwani kali pafupi ndi chingwe cha magetsi. Pamenepo amalemba mphamvu imene chimakoka kukhoma, ndipo kawirikawiri nambala yake siifika ndi 200 yomwe. Chinthu chodya 100 chingatulutse bwanji 3000? Nambala ya pa katoniyo ndi ija amati PMPO, ilibe muyezo umodzi wogwirizana, kampani iliyonse imawerengera momwe yafunira. Yoyenera kufunsa ndi RMS, mphamvu imene chimatulutsadi mosalekeza, pa sipika imodzi, pa ma ohms 8 (ma ohms ndi muyezo wa mmene sipika imakanira magetsi). Wogulitsa akayamba kukanda mutu, mwadziwa kale.

Komanso khutu silimva ma watts momwe timaganizira. Mukawirikiza mphamvu kawiri, phokoso limangokwera ndi ma decibel 3 (decibel ndi muyezo wa kukwera kwa phokoso), kusintha kochepa ndithu. Kuti khutu livomere kuti tsopano zakwera kawiri, pamafunika mphamvu yowirikiza kakhumi. Sipika wamba ya m'nyumba imatulutsa ma decibel apakati pa 85 ndi 90 ikapatsidwa watt imodzi yokha, inu mutaima mita imodzi. Kumbukirani kuti 85 ndi pamene ogwira ntchito m'mafakitale amauzidwa kuti aziteteza makutu akamakhalamo maola 8. Choncho madzulo mukakhala pasofa mukumvera kwaya, amplifier ija ikugwiritsa ntchito watt imodzi kapena ziwiri, zotsalazo zimangodikira ng'oma ikagunda mwadzidzidzi. Amplifier ya NAD 3020, yomwe inatuluka mu 1978, inalembedwa ma watts 20 okha mbali iliyonse, koma inagulidwa kwambiri moti mpaka lero anthu akusakasakabe yakale. Nawo masipika a LS3/5A, amene BBC inakonza m'zaka za m'ma 1970 kuti azigwira ntchito m'timagalimoto toulutsira mawu kunja kwa situdiyo, ndi timabokosi tonyamula ndi dzanja limodzi. Besi yogwedeza mawindo alibe, koma mawu a munthu amatuluka ngati munthuyo wakhala nanu pamkeka.

Chimene palibe amene wakuuzani ndi chipinda. Nyumba zathu zambiri ndi za simenti pansi, makoma a pulasitala, mawindo agalasi, zina denga la malata lopanda siling'i. Imani pakati pa balaza muombe m'manja kamodzi. Mukamva kakulira kotsalira m'makoma, dziwani kuti nyimbo iliyonse izidutsa m'kakulira komweko, ngakhale mutagula masipika a mtengo wa galimoto. Ine ndinataya pafupifupi chaka ndikunyoza masipika anga kuti ndi owawa m'makutu. Ndinali nditawalowetsa mu display cabinet, imodzi pamwamba pafupi ndi mbale za alendo, inayo pansi pafupi ndi chitseko. Mnzanga wina wokonza mawailesi atabwera kudzacheza anaseka mpaka misozi. Tinawatulutsa, tinawaika pa timipando tiwiri tofanana kuti kasipika kakang'ono ka mawu opyapyala, kaja amati tweeter, kalingane ndi makutu munthu utakhala pansi. Tinawasuntha pafupifupi theka la mita kuchoka kukhoma, kutalikirana kwawo mamita awiri, sofa nayo mamita awiri kuchoka pa sipika iliyonse, kenaka tinawapendeketsa pang'ono kuti ayang'ane pampando wanga. Pansi tinayala kapeti yakale, makatani tinatseka. Nditaikanso chimbale chomwe ndinkachidziwa pamtima, woimba anaima pakati penipeni, pamalo pamene panalibe sipika, gitala kumanzere, azimayi oyankhira kumbuyo kwake. Sindinagule kanthu tsiku limenelo. Mayi a kunyumba anadandaula za mawaya kwa sabata, kenaka anazolowera.

Besi nayo imasewera ndi makoma. Mukakankhira sipika pakona, besi imachuluka koma imakhala yophwanyika, zingwe zonse za gitala ya besi zimamveka ngati chingwe chimodzi. Chipinda cha mamita 4 m'litali chimakokomeza mawu a besi otsika apafupi ndi 43 Hz, n'chifukwa chake pena mumamva besi yochuluka mutatsamira khoma koma mukafika pakati pa chipinda yasowa. Sofa isagunde khoma lakumbuyo ngati malo alipo.

Za magetsi, katundu wa ku UK ndi wabwino kwa ife chifukwa kumeneko ndi 230V pa 50 Hz ngati kwathu kuno, pulagi yake ndi yomweyi ya mano atatu. Amene abale awo ali ku America asamale: kumeneko ndi 120V pa 60 Hz, mukangolumikiza osaona kumbuyo mumva fungo. Ndipo galamafoni ina ya kumeneko, ngakhale mutaigulira thiransifoma, imazungulira pang'onopang'ono pa 50 Hz, woimba n'kumamveka ngati wangodzuka. Gulani surge protector yeniyeni, choteteza zipangizo magetsi akakwera mwadzidzidzi, ndipo magetsi akazima zulani pulagi, mudikire akhazikike akabwera. Amplifier yanga yoyamba inapsa usiku wina wa mvula ya ziphaliwali nditaiwala kuzula. Ngati mumagwiritsa ntchito invata, ikhale ya pure sine wave, zinazi zimachititsa amplifier kung'ung'uza.

Mng'ono wanuyo asanalipire, aone zinthu zingapo. Mkombero wofewa wozungulira sipika yaikulu ukakhala wa siponji umafumbwa ndi zaka, ndipo kutentha kwa kuno kumaumalizitsa msanga. Wa labala umapirira. Aike khutu pa tweeter iliyonse amve ngati ikulira, aonenso ngati ana sanaibonyole ndi chala. Apotokole volyumu pang'onopang'ono: kukhetekhesa pang'ono ndi fumbi chabe, amisiri athu amatsuka, koma mbali imodzi ikamazimazima pamenepo pali nkhani. Awerenge ma ohms kumbuyo kwa masipika, chifukwa a ma ohms 4 amatenthetsa amplifier yomwe inapangidwira 8.

Mawaya musawonongerepo ndalama. Waya wa kopa wa 1.5 kapena 2.5 mm wokwanira, bola chofiira ku chofiira, chakuda ku chakuda mbali zonse. Mukasemphanitsa mbali imodzi besi imathawa. Koma chimene mukudyetsa makinawo chisamaleni. Sipika yabwino siibisa kanthu, nyimbo zija zoyenda m'magulu a WhatsApp zofinyidwa mpaka 128 kbps kapena kutsika muzimva kuphwephwa kwake konse. CD, yomwe Sony ndi Philips anatulutsa mu 1982, ili pa 16-bit ndi 44.1 kHz, ndipo imafika pa 20 kHz pamene khutu la mwana limalekezera. Ife a imvi tinatsika kalekale. Mafayilo a nyimbo a FLAC, amene sataya kanthu pofinyidwa, ndi ofanana ndi CD. Zoposera apo ine sindinamvepo kusiyana kwake, ngakhale ndikudziwa kuti ena m'gulu muno andikalipira.

Pamene sindingakunamizeni ndi apa: ngati cholinga ndi mpira ndi mafilimu a ana, home theatre ija ikusangalatsani ndipo ili ndi rimoti. Ngati mukufuna zoimbira pa chinkhoswe panja, zonse ziwiri si zake, bwerekani PA, zokuzira mawu zija za pa misonkhano. Amplifier yaing'ono ikakakamizidwa mpaka kumapeto imatulutsa mawu ong'ambika, ndipo ndi amenewo amaotcha ma tweeter, choncho tsiku la phwando alamu anu asayandikire volyumu.

Muuzeni mng'ono wanuyo ajambule kumbuyo kwa amplifier ndi kwa masipika, manambala aoneke bwino, muponye zithunzizo muno tione limodzi. Mutiuzenso kukula kwa balaza lanu ndi ngati lili ndi siling'i. Popakira akutire masipikawo ndi mabulangete, kumaso kwake aikeko katoni yolimba, chifukwa m'kontena katundu amapanikizana miyezi.