"Dope": chitamando, chipongwe kapena mankhwala?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake mwana wanu akuti nsapato zake ndi "dope" pomwe inu mumadziwa kuti dope ndi mankhwala ozunguza bongo. Nonse mukulondola, kungoti liwuli mwalipeza pa mibadwo yosiyana.

Kwawo kwa liwuli ndi ku Chidatchi. "Doop" unali msuzi wokhuthala woviikamo chakudya, kuchokera ku "dopen", kuviika. N'chifukwa chake m'Chiafirikansi, chinenero chochokera ku Chidatchi, "doop" ndi ubatizo mpaka lero. Litalowa m'Chingerezi cha ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, linkanena chilichonse chokhuthala ngati phala. Opiamu amene anthu ankasuta analinso wonanda ngati phula, ndiye pofika m'ma 1880 dzinalo linamukakamira, kenako n'kufalikira ku heroin ndi chamba.

Nthambi ina inaphukira ku mijaha ya akavalo. Akathyali ankamwetsa kavalo mankhwala kuti athamange kwambiri kapena afooke, ndipo wobetcha amene wadziwiratu zimenezi ndiye anali ndi "dope". Cha m'ma 1900 liwuli linayamba kutanthauza nkhani yam'kati imene ena sakuidziwa. "Doping" ya osewera, kutanthauza kugwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa pa masewera, imene bungwe la padziko lonse la WADA linakhazikitsidwa mu 1999 kuti lilimbane nayo, ndi ya banja lomweli. Ngakhale vanishi wopaka pa nsalu za mapiko a ndege zakale kuti zikungike amatchedwa dope.

Tanthauzo la mwana wanulo ndi lachisiriza. Oimba rap achikuda a ku America ndiwo analitembenuza m'ma 1980 kuti lizinena chinthu chapamwamba, chobeba monga amanenera anyamata athu m'tauni.

Tsono pamene ambiri amapunthwa ndi pa kachilembo "a". Mukauza munthu kuti "you are dope" mwamutama. Mukati "you are a dope" mwamunena kuti ndi chitsiru, ndipo tanthauzo limeneli ndi lakale kuposa la mankhwala, linalipo kale m'ma 1850. "He is on dope" ndiye kuti akugwiritsa ntchito mankhwala basi. Kwa abwana, m'kalata ya ntchito, makamaka pamaso pa apolisi a pabwalo la ndege, ine ndingati lisiyeni m'thumba.

Abale a ku Joni musalisokoneze ndi "dop", kambale ka mowa kaja. Limenelo ndi liwu lina la Chiafirikansi. "Dopamine" ya mu ubongo nayonso si m'bale wake, yangofanana nalo nkhope. Dzina lake linachokera ku DOPA, chidule cha dzina lalitali la kemikolo.